Wamisala adaona nkhondo

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Lizulu ndi Kampepuza adakumanapo naye munthu wotereyu. Wavala majekete awiri dzuwa likuswa mtengo, wakolekera thumba la mabotolo paphewa, akukangana ndi anthu amene ife sitikuwaona. Amayi ogulitsa kabichi amakokera ana kuseri kwa milu ya kachewere, anyamata a kabaza amamuponyera chipongwe, ndipo tonse timangoti "wamisala uja", ngati adachita kuphuka pansi ngati bowa. Komatu ali ndi chiwongo chake. Alipo mayi amene adamubereka kumsana, alipo malume amene adamugwiritsa chishango tsiku loyamba kuvina ngoma. Ambiri mwa anthu otere adafikapo kuchipatala, ena mpaka ku Zomba, napeza bwino ndithu. Chidawabwezera kumsewu ndi zimene zidachitika atabwerera kumudzi. Za nthawi imeneyo ndi zimene ndikufuna tikambirane, abale anga, chifukwa ndidaziona pakhomo pathu.

Mwana wa mlongo wanga adali mlimi wa kachewere kumapiri a Kirk, bambo wa ana awiri, munthu wosayamba mnzake. Chidayamba ndi tulo. Ankachezera usiku wonse atakhala pakhonde, kenaka n'kuyamba kunena kuti wailesi ikutchula dzina lake, kuti oyandikana nawo munda akumuthirira mankhwala m'nsima. Ife achibale tidachita zimene ambiri timachita. Tidawoloka malire kukaombeza, mbuzi ziwiri zidapita. Tidamugoneka kumapemphero. Atayamba kuthawa usiku tidamumanga ndi chingwe cha ng'ombe pamzati wa khonde, ndipo mfundo yake ndidamanga ndine, malume wake. Zipsera zake zidakalipo m'mikono mpaka lero, ndipo sindiziyang'ana kawiri. Miyezi isanu ndi itatu idatha chonchi, kufikira tsiku limene mlangizi wa zaumoyo adabwera kusikelo ya ana namva phokoso kuseri. Sadatikalipire. Adangoti, "Agogo, matenda awa ali ndi mankhwala, ndipo ku chipatala cha boma salipiritsa. M'masuleni, mawa ndikuperekezani."

Ulendo wake udali wa masitepe. Tidayambira pa chipatala chaching'ono cha kwathu, kumene adamuyeza malungo n'kutilembera kalata m'buku lake la kuchipatala. Kuchoka apo tidapita kuboma, kwa namwino wa matenda a maganizo, ndipo poona kuti zidafika povuta adamutumiza ku Zomba. Patatha milungu ingapo adabwera atanenepa, akupereka moni mwaulemu ngati kale. Tidapha nkhuku, amayi adalulutira, tonse tikuti nkhani yatha.

Nkhani idali isanathe. Mkazi wake adali atabwerera kwawo ndi ana. Munda wake abale adali atagawana "pomusungira". Kumaliro ankamupatsa mpando wakumapeto, pokambirana za banja ankamutuma kukatunga madzi. Akati atsegule pakamwa, wina ankatsinzinira mnzake. Mankhwala nawo ankamuumitsa khosi, manja n'kumanjenjemera, dovu n'kumatuluka, moti adayamba kubisala kuseri kwa nyumba tsiku lonse. Palibe adamufunsa kuti m'mtima muli chiyani, ineyo ndi m'modzi wa osafunsawo. Funso lathu lidali limodzi m'mawa ndi madzulo: "Wamwa mankhwala?" Tsiku lina adawataya m'chimbudzi, ndipo mvula isanagwe matenda adabwerera.

Makolo adati wamisala adaona nkhondo. Ankatanthauza kuti munthu amene mudzi wamuchotsera ulemu akhoza kukhala ndi mawu oona, ndipo osamumverawo ndi amene amagwa m'tsoka. Mphwanga uja ankadziwa chimene chikumupweteka. Ankadziwa kuti mapiritsi akumuumitsa thupi, ankadziwa kuti kusowa ana ake kukumudya. Akadapezeka womufunsa, nkhondo yachiwiri ija tikadaipewa.

Ulendo wachiwiri namwino adachita chinthu chimene chidanditsegula maso. Atamusinthira mlingo wa mankhwala ndi kumuwonjezera timapiritsi tina tothetsa kuuma kwa thupi, adatiitana tonse m'kachipinda, mayi ake, ineyo, ndi mkazi wake amene tidachita kukamupempha. Adatseka chitseko. Adayamba ndi wodwalayo: "Bambo, mukufuna moyo wanu ukhale wotani chaka chamawa ngati lero?" Padakhala chete wautali, ndipo ine ndidafuna kumuyankhira monga mwa chizolowezi, koma namwino adandikweza dzanja. Potsiriza mphwanga adati, "Ndikufuna munda wanga." Pamenepo ndi pamene padayambira chithandizo chimene achipatala amachitcha uphungu.

Apa ndiyankhule ndi akuluakulu anzanga. Ife timadziwa kulanga. Timakhazika mwana pamphasa, ife pampando, tiyankhula, iye azingoti "inde". Mawu a akuluakulu akoma akagonera, n'zoona, ndipo malangizo ali ndi malo ake. Koma uphungu wa matenda a maganizo umayenda mosiyana. Woyankhula kwambiri ndi wodwala. Phungu wophunzira ntchito yake amamuthandiza kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankhapo limodzi lotheka kuligwira, kulingalira njira zingapo, n'kupangana chimene akachite sabata imeneyo. Akakumananso amayamba ndi kufunsa kuti zidayenda bwanji. Amamuphunzitsa kupuma modekha mtima ukayamba kuthamanga. Amamuthandiza kubwerera pang'onopang'ono ku zintchito zimene adazisiya, kaya n'kuthirira dimba, kaya kwaya. Kwa amene amamva mawu osamveka kwa ena, phungu sakangana naye kuti "ukunama", komanso samuvomereza kuti mawuwo ndi oona. Amafufuza naye nthawi imene mawuwo amakula, chimene chimawachepetsa, ndi mmene angapitirizire ntchito yake ngakhale akuwamva. Banja nalo limaphunzitsidwa: kuti matendawa ndi otani, kuti kukalipira ndi kulondalonda wodwala kumawautsa, ndi zizindikiro zoti akubwerera, monga kusowa tulo mausiku angapo otsatizana. Madokotala a maganizo padziko lonse amagwirizana kuti banja likaphunzitsidwa chonchi, wodwala sabwererabwerera kuchipatala.

Ndisanamizepo munthu. Matenda aakulu, aja omva mawu ndi kukayikira aliyense, kapena aja oti munthu mwezi uno sagona, akugawa katundu wake ndi kudzitcha mfumu, mwezi winawo ali chigonere osafuna kudya, sachira ndi kucheza kokha. Amafuna mankhwala, monga chlorpromazine, haloperidol, kapena jakisoni wa fluphenazine amene amabayidwa pakapita milungu ingapo, ndipo ena amamwa zaka zambiri monga amachitira a shuga ndi a BP. Mankhwala amazimitsa moto. Koma nyumba ikapsa, moto n'kuzima, pamafunikabe anthu odzadula mitengo ndi kumweta udzu, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Chifukwa chake timaganiza kuti matenda a maganizo ndi otsekera kutali chili ndi mbiri yake. Kuyambira mu 1910 atsamunda ankasunga odwala otere m'chigawo cha ndende ya Zomba. Chipatala cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo loyendetsera chithandizochi, lolembedwa mu 1948, lidakhala likugwira ntchito zaka zoposa 70. Mibadwo itatu idakula ikudziwa kuti wodwala mutu amatengedwa, amatsekeredwa, basi. N'chifukwa chake mawu oti "ku Zomba" adasanduka chitonzo pakamwa pa ana. Chipatalacho n'chofunika ndipo chapulumutsa ambiri, koma munthu amakhalako milungu, pamene kumudzi amakhalako moyo wake wonse. Boma la Ntcheu lokha, pa kalembera wa 2018, lidali ndi anthu pafupifupi 660,000. Sangakwere onse minibasi ya ku Chingeni, Balaka, Liwonde mpaka Zomba nthawi iliyonse imene mtima walemera.

Akatswiri a maganizo m'Malawi muno ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'mizinda. A St John of God ali ndi chipatala ndi sukulu yophunzitsa aphungu ku Mzuzu, komanso chipatala china ku Lilongwe. Pulofesa Chiwoza Bandawe wa ku Kamuzu University of Health Sciences wakhala zaka zambiri akulemba ndi kuphunzitsa kuti chithandizo cha maganizo chizikhazikika pa umunthu wathu. Koma mayi wa ku Kasinje kapena bambo wa ku Katsekera sangadikire kuti katswiri wotere adzafike pakhomo pake. Ndiye titani?

Anzathu a ku Zimbabwe adakumana ndi funso lomweli. Dokotala wa maganizo Dixon Chibanda amasimba za mtsikana wina amene ankamuthandiza, yemwe adadzipha kumudzi kwawo chifukwa banja lidasowa ndalama ya basi yobwererera ku Harare. Mu 2006 adayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare luso lomvetsera ndi kuthandiza munthu kumasula mavuto ake, atakhala pa benchi panja pa chipatala. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Matenda amene ankalimbana nawo Ashona amawatcha kufungisisa, kumene ife timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adaonetsa kuti amene adakhala pa benchi ndi agogowo adapeza bwino kuposa amene adalandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi idafika kale ku Malawi, m'zipatala zina za ku Lilongwe. Chapafupi pomwepa, ku Neno, boma lochita nafe malire, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene lakhala kumeneko kuyambira 2007, lidaphunzitsa anthu wamba kutsogolera magulu a odwala matenda a kukhumudwa potsatira njira ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yotchedwa Problem Management Plus. Gulu limakumana kamodzi pa sabata kwa milungu 5, ndipo zotsatira zake zidaonetsa kuti anthu amachira. Ku Neno misewu ndi yovuta ngati ya ku Tsangano, umphawi ndi womwewu. Chimene chatheka kuseri kwa phiri sichingakanike kuno. Njira zimenezi adazikonzera makamaka a nkhawa ndi kukhumudwa, koma wochira ku matenda aakulu naye amakumana ndi kukhumudwa komweko akabwera kumudzi, ndipo womusamalira, amene nthawi zambiri ndi mayi wokalamba, amafunanso pomasukira.

Tsono khomo lolowera lili pati kwa munthu wa ku Ntcheu lero? Lili pa chipatala chaching'ono chapafupi nanu, kaya ndi ku Bilira, ku Lizulu, ku Tsangano, ku Nsipe. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amene amadziwa masiku a kiliniki. Tengani buku la kuchipatala la wodwala, ndipo apite ndi munthu amene amakhala naye tsiku ndi tsiku, woti akafotokoze chiyambi chake, osati mlamu wongobwera dzulo. Mukafika nenani zonse: adasiya liti kugona, amamva chiyani, amasuta chamba kapena kumwa kachasu, adayamba wanenapo zodzichotsera moyo. Ku chipatala cha boma pa Ntcheu funsani namwino wa matenda a maganizo. Ndipo mukalandira mankhwala musanyamuke msangamsanga. Safunsa adadya phula. Funsani kuti, "Kodi alipo woti azikhala naye pansi kukambirana? Tsiku liti? Ife apabanja mungatiphunzitse chiyani? Thupi likayamba kuuma tichite bwanji? Kodi kuno kuli gulu la odwala ndi owasamalira?" Lilipo bungwe la odwala maganizo ndi owasamalira m'dziko muno lotchedwa MeHUCA, limene limalimbikitsa magulu otere. Pamene gulu palibe, mabanja atatu kapena anayi okumana pamzere wa kiliniki mwezi ndi mwezi ndi chiyambi cha gulu. Anamwino athu ndi otanganidwa, mzere umakhala wautali, ndipo wosafunsa amapatsidwa mapiritsi okha. Wofunsa mwaulemu kawirikawiri amapatsidwa nthawi.

Pali zina zosadikira tsiku la kiliniki. Munthu akasokonezeka mwadzidzidzi thupi likutentha, khosi litauma kapena akukomoka, akhoza kukhala malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo ameneyo ndi wothamanga naye usiku womwewo. Mayi amene wangobereka kumene akayamba kuyankhula zosamveka, kukana mwana kapena kusagona, musati ndi mizimu ya kuchikuta, pitani naye lero. Ndipo munthu akanena kuti watopa ndi moyo, akayamba kutsanzika kapena kugawa zinthu zake, mufunseni molunjika ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumamupatsa mpata wotula. Musamusiye yekha. Ife alimi a tomato ndi kachewere timasunga mankhwala opopera mbewu pansi pa bedi ngati mchere. Atsekereni kutali, kiyi asunge wina. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

Kwa inu abambo anzanga a Chingoni ndili ndi mawu apadera. Tidaleredwa kuti mwamuna salira, ndipo timanyadira Inkosi Gomani Chikuse amene adafa mu 1896 osagonjera atsamunda. Kulimba mtima kumeneko n'kwabwino pankhondo. Koma apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka amakhala amuna. Ngongole ya feteleza, kachewere woolera m'munda, mnyamata wobwera ku Joni chimanjamanja, banja losokonekera, zonsezi mwamuna amazimeza n'kukazitsira kachasu. Akuluakulu a m'malire muno tikukumbukanso abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene adadzaza midzi yathu mpaka mtendere utabwera mu 1992, ndi mmene ena ankadzidzimukira usiku zaka zambiri mfuti zitaleka kulira. Mabala a m'maganizo ndi enieni ngati a mpeni. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kupita kwa phungu ndi kulimba mtima kwa mtundu wina, ndipo ndikadakonda kumva mawu amenewa akunenedwa ndi mafumu athu pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, pamaso pa anyamata.

Chimene chimathawitsa anthu ambiri ndi kuopa kuti zawo zimveka pa chitsime. Mantha amenewa ndi omveka. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Phungu wophunzitsidwa amalumbira kusunga chinsinsi, ndipo amaulula pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi. Amene mukufuna kuthandiza m'mipingo ndi m'midzi, a Mvano, a Chigwirizano, akuluampingo, mashehe, dziyeseni pamenepa poyamba. Ngati nkhani ya mnzanu simutha kugona nayo osauza mkazi kapena mwamuna wanu, ntchito iyi si yanu. Ndipo mtima wabwino wokha sukwanira, pamafunika maphunziro ndi wina wachipatala wokuyang'anirani, chifukwa mawu olakwika kwa munthu wosweka mtima amapweteka kuposa kukhala chete.

Za mapemphero ndi asing'anga sindilimbana ndi munthu. Inenso ndimapemphera, ndipo mphwanga adalimbikitsidwa kwambiri tsiku limene abusa adamuitana kuti awerenge mawu kutsogolo. Chimene ndikukana ndi chimodzi: wina aliyense wouza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, kapena womumanga unyolo ndi kumusalitsa kudya kuti chiwanda chituluke. Matenda akabwerera, wonenayo sakhalapo. Amatsala ndi mayi wa wodwala.

Vuto lalikulu limene ndaliona ndi la thiransipoti. Uphungu ndi wobwerezabwereza, pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo wopita kamodzi n'kusiya ali ngati wothira feteleza wokulitsa osabwerezanso wobereketsa. Koma kabaza wochokera kumapiri kapena ku chigwa cha Bwanje kufika paboma amadya ndalama ya ndiwo za sabata. Apa mudzi ungathe kuchitapo kanthu. Ma banki m'khonde ali ndi thumba la zadzidzidzi limene timatapamo pa maliro. Bwanji osatapamo munthu akadali moyo? A nyakwawa amatha kulamula kuti pakhomo pa wodwala pasamveke chipongwe, ndi kuti munda wake ubwezedwe. Makomiti a chitukuko a m'midzi, makhansala ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo timawapempha milatho ndi zitsime, ndipo n'koyenera. Tiwapemphenso mafuta a galimoto yoti namwino wa maganizo azifika m'zipatala zing'onozing'ono mwezi uliwonse osadumphitsa, mankhwala osatha m'mashelefu, ndi maphunziro a uphungu kwa alangizi a zaumoyo ndi anthu odalirika a m'midzi, monga achitira ku Neno. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, pakuti matendawa sasankha banja la mphunzitsi kapena la mfumu.

Mphwanga uja munda wake tidamubwezera, ndipo ndidachita kuyenda khomo ndi khomo kwa abale kuti zitheke. Mkazi wake sadabwerere, koma amatumiza ana kudzakhala naye pa holide, ndipo iye amalipira fizi ya wamkuluyo ndi kachewere wake. Akadali pa jakisoni. Masiku ena mawu aja amabwerabe chapatali, makamaka akasowa tulo, ndipo adaphunzira kubwera kwa ine kudzanena kuti, "Malume, ayambanso." Tikatero timakhala pakhonde lomwe lija, iye akuyankhula, ine ndikusenda chimanga, mpaka atamaliza. Tsiku la kiliniki lidalembedwa ndi makala pakhoma la kuchipinda kwake. Pokolola amapatula ndowa ziwiri zoyamba, mayi ake amagulitsa pamsewu, ndipo ndalamayo amaimanga pa nsonga ya chitenje kuti ikhale ya kabaza wa mwezi wotsatira.